Chikondi cha Mulungu Sichifunsa Chiphaso

Mau oyamba

Ku Nayuchi, m'boma la Machinga, ndi kumene njanji ya sitima imatulukira m'dziko lathu. Njanjiyi, imene inatsegulidwa mu 1970, imayambira pa Nkaya m'boma la Balaka, imaoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, ndi kulowera chakuvuma mpaka kukadutsa pakati pa nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Chiuta. Ukangodumpha malire pa Nayuchi wafika pa Entre Lagos m'dziko la Mozambique, ndipo kuchokera pamenepo njanji imapitirira mpaka ku doko la Nacala.

Pa malo a m'malire ngati amenewa chinthu chilichonse chili ndi lamulo lake. Wokwera sitima ayenera kuonetsa tikiti. Wooloka malire ayenera kuonetsa chiphaso. Wamalonda ayenera kulipira msonkho. Amene alibe zomuyenereza amabwezedwa, ndipo palibe amadabwa, pakuti dziko silingayende popanda malamulo. Vuto limabwera pamene ife Akhristu tiyamba kuganiza kuti nayenso Mulungu amagwira ntchito ngati kalaliki wa pa siteshoni, kuti amayamba waona mapepala athu asanatikonde. Ambirife sitinena zimenezi ndi pakamwa, koma mumtima timati: ndikakhoza mayeso, ndikasiya tchimo lakuti, ndikamaliza kupereka mtulo, pamenepo Mulungu adzandikonda.

M'phunziro lino tiona kuti chikondi cha Mulungu chimayamba ife tisanachite kanthu kalikonse. Tionanso kuti munthu akakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, zinthu zitatu zimasintha pa moyo wake: m'mene amadzionera iye mwini, m'mene amaonera mlendo, ndi m'mene amaonera mdani wake.

1. Zimene Malembo Oyera akuphunzitsa

Pa Deuteronomo 7:7-8 Mose akukumbutsa Aisraele kuti Mulungu sanawasankhe chifukwa cha kuchuluka kwao, popeza iwo anali mtundu wochepa kwambiri. Chifukwa chake chinali mwa Mulungu mwini. Paulo Woyera, pa Aroma 5:6-8, akuti n'chapatali kuti munthu afere mnzake ngakhale wolungama, koma Khristu anapereka moyo wake pa nthawi imene ife tinali tisanasiye n'komwe zoipa zathu. Kalata yoyamba ya Yohane (4:10 ndi 4:19) ikutsindika mfundo yomweyi, kuti woyamba kukonda ndi Mulungu, ndipo chikondi chathu ndi yankho chabe.

Fanizo limene limativuta kwambiri ife Amalawi ndi la pa Mateyo 20:1-16. Mwini munda analemba aganyu m'mamawa, ena dzuwa litakwera, ena masana, enanso dzuwa litapendeka kale. Madzulo onse anawapatsa malipiro ofanana. Aliyense amene anagwirapo ganyu akudziwa kuti kwathu kuno sizichitika choncho. Amalipira poyang'ana ndime: mizere yambiri, ndalama zambiri. N'chifukwa chake tikamva fanizoli timagwirizana ndi aganyu a m'mamawa amene anang'ung'udza. Koma taonani bwino. Palibe amene anaberedwa, pakuti oyamba aja analandira zimene anapangana. Chimene mwini munda anafuna n'chakuti ana a munthu wobwera mochedwa uja nawonso agone atadya. Iye anayang'ana njala ya banja la munthuyo kuposa ndime yake.

M'fanizo la mwana wolowerera (Luka 15:11-32) bambo anathamangira mwana wake akali patali. Mwanayo anali atakonza mau opepesa, koma bambo anamkumbatira asanayambe n'kuwalankhula komwe. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafotokoza fanizoli mozama m'kalata yake yonena za chifundo cha Mulungu, Dives in Misericordia, ya mu 1980. Mwana uja anaononga chuma chonse, koma panali chinthu chimodzi chimene sanathe kuchiononga: iye anali akadali mwana wa bambo wake. Chimenechi ndi chimene Eklezia amachitchula chaulere, mphatso imene sitinaigwirire ntchito.

2. Kusintha koyamba: m'mene munthu amadzionera

Anthu a ku Balaka akulidziwa dzina la Bakhita chifukwa cha sukulu ya asisiteri a chipani cha Canossa imene ili kumeneko. Koma si onse amene akudziwa mbiri ya mwini dzinalo.

Josephine Bakhita anabadwira ku Darfur m'dziko la Sudan cha m'ma 1869. Ali kamtsikana anagwidwa ndi anthu ogulitsa akapolo. Mantha anamkulira kotero kuti anaiwala dzina limene makolo ake anampatsa. Omugwirawo ndiwo anamutcha Bakhita, liwu la Chiarabu lotanthauza wamwayi. Anagulitsidwa kangapo ngati mbuzi pa msika. Pakhomo pena anamutema mphini zoposa 100 ndi kuthiramo mchere, ndipo zipsera zake anafa nazo. Mu 1883 anagulidwa ndi kazembe wa dziko la Italy ku Khartoum, Callisto Legnani, amene pambuyo pake anapita naye kwao. Kumeneko anakhala kwa kanthawi ndi asisiteri a Canossa mumzinda wa Venice, ndipo ndi kumene anamva za Yesu Khristu.

Moyo wake wonse Bakhita ankadziwa mabwana ogula, omenya ndi ogulitsa. Tsopano anamva kuti kuli Bwana wina woposa onse, amene anamlenga, amene akumdziwa, ndiponso amene anakwapulidwa ngati iye. Papa Benedikito wa 16 analemba za kusinthika kumeneku m'kalata yake yonena za chiyembekezo, Spe Salvi, ya mu 2007. Pamene banja limene ankaligwirira ntchito linafuna kubwerera naye ku Africa, mtsikana amene kuyambira ubwana wake anali asanakanepo lamulo la bwana anakana. Nkhani inafika ku bwalo la milandu, ndipo pa 29 Novembala 1889 bwalo linagamula kuti iye ndi mfulu. Anabatizidwa pa 9 Januwale 1890, nalumbira malumbiro a usisiteri mu 1896. Anatumikira zaka zambiri ku Schio, akuphika, akusoka ndi kulandira alendo pakhomo, mpaka anamwalira pa 8 Febuluwale 1947. Anatchulidwa woyera pa 1 Okutobala 2000.

Taonani dongosolo la zinthu pa moyo wa mai ameneyu. Poyamba anadziwa kuti akukondedwa. Kenaka anaimirira nakana ukapolo. Chikondi cha Mulungu sichinam'sandutse munthu wogonjera chilichonse. Chinam'patsa msana. Munthu amene wadziwa kuti mtengo wake unaikidwa ndi Mulungu salolanso kuti anthu am'ikire mtengo wina, kaya ndi bwana, kaya ndi anzake a m'kalasi, kaya ndi malikisi a pa lipoti la sukulu.

3. Kusintha kwachiwiri: m'mene munthu amaonera mlendo

Tibwerere ku malire athu. Kuyambira 1977 mpaka 1992 ku Mozambique kunali nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Njanji ya ku Nacala inaonongedwa, ndipo pofika 1984 sitima zodutsa pa Nayuchi zinaleka kufika ku doko. Mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanjiyo. Pamene katundu analeka kubwera pa sitima, kunayamba kubwera anthu oyenda wapansi. Makamaka kuyambira 1986, khwimbi la anthu linalowa m'dziko muno kudzera ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, ndiponso kuno ku Machinga ndi ku Mangochi. Ankadutsa m'tinjira ta m'tchire, ana kumbuyo, mitolo pamutu, ambiri opanda pepala lililonse m'manja.

Pofika 1992 othawa nkhondowa anali oposa 1,000,000, pamene kalembera wa mu 1987 anapeza kuti Amalawi onse anali pafupifupi 8,000,000. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni boma. Bungwe la UNHCR ndi la Red Cross linathandiza ndi chakudya, ndipo misasa inamangidwa. Komabe anthu ambiri sanayambe afika ku msasa. Anafikira m'midzi, kumene mafumu anawapatsa malo omangapo timisasa, ndipo amai a m'mudzi anawabwereka mphika ndi mtondo. M'madera a m'malire Ayao, Alomwe ndi Anyanja ali mbali zonse ziwiri, choncho ena analandiridwa ndi abale ao enieni. Koma enanso analandiridwa ndi anthu osawadziwa n'komwe.

Tisanamizane kuti zinali zophweka. Mitengo inatha chifukwa cha nkhuni ndi milimo. Pa zitsime ndi m'zipatala panali mizere yaitali. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa, ndipo eni mudzi ena anadandaula poona alendo akulandira ufa pamene ana ao akugona ndi njala. Madandaulo a aganyu a m'mamawa aja anamveka ndithu. Makolo amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, koma mame amenewa anakhala zaka zisanu ndi zitatu, mpaka pamene anayamba kubwerera kwao pakati pa 1993 ndi 1995.

Sitinganene kuti onse amene analandira alendowa anatero chifukwa cha Chikhristu. Anthu ambiri a m'boma la Machinga ndi Asilamu, ndipo nawonso anatsekula makomo ao. Mwambo wathu womwe umati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma Mkhristu ali ndi chifukwa china chapadera. Deuteronomo 10:19 amalamula Aisraele kukonda mlendo powakumbutsa kuti iwonso anakhalapo alendo ku Ejipito. Mateyo 2:13-15 akutiuza kuti Yosefe, Maria ndi Mwana Yesu anathawa kwao usiku poopa lupanga la Herode. Ndipo pa Mateyo 25 Ambuye akuti adzatiweruza potengera zimene tinachitira mlendo, pakuti mwa mlendoyo munali Iwo eni. Munthu amene akudziwa kuti Mulungu anamlandira wopanda chiphaso amachita manyazi kufunsa wanjala kuti, "Kwanu n'kuti? Umapemphera mpingo wanji?" asanam'patse madzi akumwa.

Nkhaniyi sinathere mu 1995. Kuyambira 1994 msasa wa Dzaleka ku Dowa ukusunga anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Mu 2016 anthu a ku Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza. Funso limene agogo athu anayankha m'zaka za nkhondo latipeza nafenso.

4. Kusintha kwachitatu: m'mene munthu amaonera mdani

Kulandira mlendo n'kovuta, koma kukhala pansi ndi munthu amene anatentha mudzi wako n'kovuta koposa. Nanga nkhondo ya ku Mozambique inatha bwanji?

Mu 1968 mumzinda wa Roma mnyamata wina wa ku sekondale, Andrea Riccardi, anayamba kusonkhana ndi anzake kuti aziwerenga Uthenga Wabwino ndi kuthandiza ana a anthu osauka. Gulu limeneli ndi limene likutchedwa Sant'Egidio. Patapita zaka linapalana ubwenzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira, ndipo linayamba kutumiza chithandizo ku Mozambique. Mu Julayi 1990 nthumwi za Frelimo ndi za Renamo zinakumana koyamba m'nyumba ya gululi ku Roma. Amkhalapakati anali anai: Riccardi, Bambo Matteo Zuppi amene anadzakhala Kadinala mu 2019, Ambuye Gonçalves, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Zokambirana zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Pa 4 Okutobala 1992, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere.

Akhristu amenewa analibe mfuti kapena chuma choti aopseze nacho wina aliyense. Ena ankawadzudzula kuti akudya pamodzi ndi anthu okhetsa magazi. Iwo anapitirira chifukwa anakhulupirira kuti palibe munthu amene Mulungu anam'taya. Yesu mwini, pa Mateyo 5:43-48, akutiuza kuti tiyang'ane dzuwa ndi mvula: mvula ikamagwa sidumpha munda wa munthu woipa.

Nkhondo itatha, mfuti zambiri zinatsala zobisika m'midzi. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi zipangizo. Munthu ankabweretsa mfuti n'kulandira khasu, njinga kapena makina osokera. Maganizo ake anachokera pa Yesaya 2:4. Wobweretsa mfuti sankayamba wafunsidwa kuti anamenyera mbali iti.

N'zoona kuti mtendere umenewu unadzagwedezeka pakati pa 2013 ndi 2016, ndipo panafunika pangano lina mu Ogasiti 2019. Kukhululuka si ntchito ya tsiku limodzi. Komabe pangano la mu 1992 ndi limene linatsekula njira kuti alendo athu abwerere kwao. Lero sitima za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa pa Nayuchi kupita ku nyanja yaikulu, pa njira yomwe ija imene inatsekedwa ndi nkhondo.

5. Funso lovuta: ndiye tizingochimwa?

Mwina wina akuti, "Ngati Mulungu amandikonda ngakhale ndichimwe, ndivutikirenji kusintha?" Funsoli si lachilendo. Paulo Woyera analiyankha kale pa Aroma 6:1-2, ndipo anakana kwa mtuwagalu.

Tione Zakeyo pa Luka 19:1-10. Yesu sanamuuze kuti ayambe wabweza ndalama za anthu ndipo pambuyo pake adzam'chezera. Anangom'tsitsa mumtengo nalowa m'nyumba mwake, anthu akung'ung'udza. Ali m'nyumbamo ndi pamene Zakeyo anaimirira yekha nalonjeza kugawa theka la chuma chake kwa osauka ndi kubwezera kanai onse amene anawabera. Chitonzo cha anthu a ku Yeriko chinalephera kum'sintha kwa zaka zambiri. Chikondi chinam'sintha tsiku limodzi. Kusintha kulipo ndithu, ndipo n'kodula, koma kumabwera ngati chipatso. Mlimi sagula mvula ndi chimanga. Mvula imayamba, chimanga chimatsatira.

Chikondi chimenechi sichifafanizanso chilungamo. Pa 13 Meyi 1981 Mehmet Ali Ağca anaombera Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anadzacheza kuno ku Malawi mu Meyi 1989. Papa anam'khululukira akali m'chipatala, ndipo pa 27 Disembala 1983 anakam'chezera m'ndende ya Rebibbia. Komabe Ağca anakhalabe m'ndende ya ku Italy mpaka chaka cha 2000. Chilango chinayenda, koma chidani panalibe.

N'chimodzimodzi ndi sakramenti la kulapa. Sitipita kwa wansembe kuti tikagule chikondi chimene Mulungu anatilanda. Timapita chifukwa ife ndife tinachoka pakhomo, ndipo Atate akudikira pa njira.

6. Pa seminale ndi kumudzi kwathu

Tsopano tiyankhule za pakhomo pathu. Tonse tikudziwa kuti si anyamata onse olowa Fomu 1 pa seminale amene amakafika pa guwa. Ena amalephera maphunziro, ena amabwezedwa chifukwa cha khalidwe, enanso amazindikira okha kuti Mulungu akuwaitanira kwina. Seminale iyenera kukhala ndi malamulo ake, monga m'mene malire alili ndi malamulo ake, pakuti unsembe ndi maitanidwe amene Eklezia ayenera kuwayesa bwino. Koma mnyamata akabwerera kumudzi ndi sutikesi yake, chimene wataya ndi malo a pa sukulu. Ubatizo wake sunafafanizike, ndipo chikondi cha Mulungu pa iye sichinachepe ndi pang'ono pomwe.

Makolo athu okondedwa, tikudziwa kuti mumagulitsa mpunga, nandolo ndi mbuzi kuti mutilipirire fizi, ndipo tikuthokoza. Tikudziwanso kuti zimapweteka pamene anthu a pa mphakati, amene anayamba kale kukutchulani kuti mai a wansembe, ayamba kunong'onezana. Pempho lathu ndi lakuti tsiku limenelo likafika, mwana wanu aone pa nkhope yanu nkhope ya bambo wa pa Luka 15. Mnyamata amene walandiridwa bwino kwao amadzakhala katekisiti wabwino, mphunzitsi wabwino, bambo wabwino wa pabanja. Amene walandiridwa ndi mau oti watichititsa manyazi nthawi zambiri amasiya ndi tchalitchi chomwe, chifukwa amaganiza kuti Mulungu nayenso wam'bweza.

Kwa abambo ansembe amene mumatilera, tikupempha mwaulemu kuti pamene mukutidzudzula tizimva kuti mukudana ndi cholakwacho, koma ifeyo mukutifunabe. Mnyamata amene amasunga malamulo chifukwa cha mantha okha amaphunzira kubisa. Amene akudziwa kuti akukondedwa amalimba mtima kunena zoona kwa bambo wake wauzimu.

Kwa ife aseminale, mayeso a chikondi chimenechi ali m'zinthu zazing'ono. Ali pa m'mene timam'landirira mwana wa Fomu 1 amene akulira usiku kukumbuka kwao, pa m'mene timakhalira ndi mnzathu amene amakhala wotsiriza m'kalasi, ndi amene makolo ake sabwera kudzamuona, ndi amene Chichewa chake chimamveka Chiyao kapena Chilomwe. Ngati Mulungu adzalola kuti ena mwa ife tidzakhale ansembe, anthu amene adzagogode pa zitseko zathu ambiri adzakhala opanda chiphaso: mtsikana amene watenga pathupi ali pa sukulu, bambo amene wangotuluka kundende, banja limene latha zaka losalandira masakramenti. Tidzawauza zoona za Eklezia mosabisa. Koma sitidzatha kuwapatsa chikondi chimene ife eni sitinachikhulupirire tikali pano.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Werengani Mateyo 20:1-16. Kodi inu mumadziona kuti muli m'gulu liti la aganyu? Chifukwa chiyani?

2. Funsani agogo kapena akuluakulu a kwanu zimene akukumbuka za anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Anawalandira bwanji? Chinawavuta n'chiyani?

3. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kukhululukira munthu ndi kulekerera choipa chimene akuchita?

4. Pa mphakati wanu, kapena m'kalasi mwanu, ndani amene anthu amam'sala? Mungam'chitire chiyani sabata ino?

Pemphero

Atate a chifundo, Inu munatikonda ife tisanakudziweni. Tichotsereni mantha oganiza kuti tiyenera kugula chikondi chanu. Dalitsani anthu a m'malire a dziko lathu ndi onse amene anathawa kwao. Limbitsani makolo athu ndi ansembe amene akutilera, ndipo musaiwale anzathu amene anachoka pakati pathu. Tipatseni mtima wolandira ena monga Inu munatilandirira ife. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.